Magalimoto a M'matope pa Misewu ya Phula

Hafu sikisi ikangokwana, ku Area 12 kumamveka mageti achitsulo akukhwekhwerezeka mbali zonse. Alonda amene achezera panja usiku wonse amakankha geti n'kuima pambali, ndipo mumatuluka Prado, Land Cruiser, Fortuner, Pajero, pena Patrol. Ena ndi oyera mbee, chizindikiro cha bungwe chili pachitseko, mlongoti wa wailesi uli kutsogolo. Ena ndi akuda bii, magalasi ake osaonetsa amene wakhala kumbuyo. Onse ndi aatali, a matayala onenepa, ndipo onse atsukidwa kale. Mnyamata wosamalira pabwalo analawirira ndi ndowa ndi kansanza, wapukuta mpaka m'mipata ya matayala, chifukwa bwana sakwera galimoto ya fumbi.

Ulendo wa ambiri mwa magalimotowa ndi waufupi: kukasiya ana kusukulu, kukhotera ku City Centre kapena ku Capital Hill, kenaka kuswera pamthunzi mpaka nthawi yoweruka. Njira yonse ndi phula. Kagiya kakang'ono ka pambali pa giya yaikulu, kapena batani limene linalowa m'malo mwake, kamatha chaka chathunthu kasanakhudzidwe. Komabe mwini wake sangalole kusinthanitsa galimotoyo ndi ina yotsika, ngakhale yotsikayo izimwa theka la mafuta. Chikondi chimenechi chili ndi zifukwa zake, zina zomveka, zina zofunika kuziunika bwino.

Lilongwe watsopano anamangidwa poganizira munthu wa galimoto. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, dziko la South Africa linapereka ngongole ya R8 miliyoni mu 1968, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation linayamba kulambula misewu m'tchire la kumpoto kwa tauni yakale. Likulu linasamuka mu 1975. Mzinda unayalidwa motayana: maofesi kwina, msika kwina, nyumba za akuluakulu m'mapuloti otakasuka a Area 10, 11 ndi 12, pakati pake nkhalango ndi mtsinje wa Lingadzi. Koma phulalo silipita patali. Mwa makilomita 15,451 a misewu imene bungwe la Roads Authority lakhala likuwerengera, ya phula siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi.

Ndipo pafupifupi Mmalawi aliyense wa ku Area 12 ali ndi kwawo. Kuli agogo, kuli munda, kuli manda a makolo. Uthenga wa maliro ukafika mu February, mvula ili m'kati, palibe amene amafunsa ngati msewu wa kumudzi wauma. Munthu amangonyamuka, thumba la ufa ndi nsalu zili kumbuyo, abale a ku Area 25 ndi ku Kawale atapanikizana pamipando. Tsiku limenelo galimoto yaitali imabweza ndalama zake zonse.

Vuto lofika kumene kulibe msewu ndi lakale kuposa injini. Magalimoto asanabwere, mzungu wa boma ankayendera midzi atagona m'machila, anyamata akulandirana mtengo pamapewa, katundu wake ali pamitu ya amtengatenga. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, zikwizikwi za amuna a ku Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sanabwereko. Kwa zaka zambiri, chimene chinkawolotsa bwana pamtsinje ndi kumukweza phiri chinali msana wa munthu.

Makina amene analanda ntchito ya msanawo anabadwira kunkhondo. Mu 1940 asilikali a dziko la America anapempha kagalimoto kopepuka kokoka ndi matayala onse anayi. Kampani ya Bantam ndiyo inapanga koyamba, koma Willys ndi Ford ndiwo anapanga ochuluka, oposa 600,000 nkhondo isanathe. Ameneyo ndi Jeep. Nkhondo itatha, imodzi mwa ma Jeep otsalawo inkagwira ntchito pa famu ya Maurice Wilks, katswiri wa kampani ya Rover, pachilumba cha Anglesey ku Wales. Wilks anaona kuti mlimi akufuna galimoto yotere koma ku Britain kulibe woipanga, ndipo a Rover anaganiza zoipanga okha. Chitsulo chinali chosowa nthawi imeneyo, pamene aluminiyamu analipo wambiri chifukwa ntchito yopanga ndege za nkhondo inali itachepa. Choncho thupi la galimoto yatsopanoyo analipanga ndi aluminiyamu, lafulati ndi la makona, losavuta kupinda, n'kulipaka penti wobiriwira wotsala kunkhondo. Galimotoyo, yotchedwa Land Rover, inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam pa 30 April 1948. Inali galimoto ya mlimi, yoti izikoka pulawo, iziyendetsa makina opunthira mbewu, izipita kumsika. A Rover ankaganiza kuti ndi yongodikirira nayo zinthu zibwerere m'chimake, koma posakhalitsa inkagulidwa kuposa magalimoto awo ena onse.

Kuno inafika ngati galimoto ya boma. Ankayendera a DC, apolisi, a za nkhalango, ndi aja oonetsetsa kuti malamulo a malimidwe akutsatidwa, malamulo amene anakwiyitsa alimi ambiri m'zaka za m'ma 1950. Mbandakucha wa pa 3 March 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pangozi, apolisi ndi asilikali anazinga nyumba ya Dr Banda ku Limbe, n'kumukweza mu Land Rover kupita ku Chileka, kumene ndege inamutengera kundende ya ku Gwelo. Ufulu utabwera mu 1964, galimoto ya mtundu womwewo, yotsegula pamwamba, inkamunyamula ataimirira, litchowa lili m'manja, mbumba ikuimba. Ndipo galimoto ya mtundu womwewonso inkaima usiku pakhomo la munthu amene wanenezedwa. Akuluakulu amene anaona masiku a chipani chimodzi amakumbukira bwino kulira kwa injini yake. Ikazima pafupi, anansi sankasuzumira pawindo, ndipo m'mawa palibe ankafunsa mokweza kuti bambo a uje apita kuti. Ena ankapezeka kundende ya ku Mikuyu, ena ya ku Dzaleka.

Koma Land Rover yomweyo inali ndi nkhope ina. Pulogalamu ya Lilongwe Land Development Programme itayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, alangizi, oyeza minda ndi okumba mijigo ankalowa nayo m'midzi ya chigwa cha Lilongwe. Zipatala za mishoni monga Nkhoma, Likuni ndi Mua zinkadalira magalimoto otere kukachititsa sikelo ya ana kutali ndi chipatala. Mwana wa kumudzi akamva injini, sankadziwa ngati kukubwera jekeseni, ngongole ya fetereza kapena unyolo. Chimene ankadziwa n'chakuti kukubwera anthu a mphamvu. Ulemu wosakanikirana ndi mantha umene galimoto yaitali imalandira mpaka lero unayambira pamenepo.

Ku Japan nkhani inayamba mofanana. Mu 1951, nkhondo ya ku Korea ili m'kati, Toyota inapanga galimoto yotchedwa BJ, ndipo mu July chaka chomwecho dalaivala woyesa magalimoto, Ichiro Taira, anakwera nayo phiri la Fuji mpaka pa siteshoni yachisanu ndi chimodzi, pamene galimoto ina inali isanafikepo. Dzina la Land Cruiser linabwera mu 1954, ndipo mtundu wa 40 Series, umene unatchuka mu Africa monse, unatuluka mu 1960. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya British Leyland, imene inali itameza Rover, inali pa mavuto a sitiraka ndi ndalama, masipeya akuchedwa kufika. Toyota inalowa pampata umenewo ndipo siinatulukenso. Amakaniko akale amanena kuti Land Rover imakonzeka paliponse, ngakhale pansi pa mtengo wa mango ndi sipanala ziwiri ndi waya, koma imafuna kukonzedwa kawirikawiri. Land Cruiser umaiwala kuti ili ndi boneti.

Chimene chinadzaza Lilongwe ndi magalimoto oyera chinali chisoni cha anansi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu a ku Mozambique anakhamukira kuno, moti pofika 1992 analipo oposa miliyoni imodzi, ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi madera ena a m'malire. Chimanga, mankhwala ndi matenti zinkayenera kufika kumisasa ngakhale dzinja. Pambuyo pake panabwera ufulu wa zipani zambiri mu 1994, mliri wa Edzi, njala ya 2002, ndipo mabungwe anachuluka. Ambiri anachita lendi nyumba zogona m'ma Area otakasukawa n'kuzisandutsa maofesi, kapinga wa kutsogolo n'kukhala poimika magalimoto. Ochuluka mwa ma Land Cruiser oyerawo amadzera ku Gibraltar, kumene kampani ya Toyota Gibraltar Stockholdings imawasunga okonzeka kale kwa mabungwe a United Nations ndi ena othandiza anthu, n'kumawaika mawailesi, mawinchi, kapena kuwasandutsa maambulansi.

Mfumu ya magalimoto amenewa ndi 70 Series, imene inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ikupangidwabe. Ndi ija ya makona, ya mabenchi oyang'anizana kumbuyo, imene zipatala za m'maboma zimagwiritsa ntchito ngati ambulansi, apolisi nawonso amayendera yotsegula kumbuyo. Thupi lake limakhala pa chasisi ya zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa, choncho galimoto ikapindika pa chigwembe, thupi silithyoka. Kumbuyo kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, amene wowotcherera wa pa tauni iliyonse angathe kuwakonza. Injini yake yotchuka, 1HZ, ya dizilo, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, inatuluka mu 1990. Ilibe changu, ndipo pokwera chitunda italemedwa imachita kukwawa. Koma ilibe kompyuta yoilamulira, siinyansidwa ndi dizilo wa m'zigubu, ndipo makaniko amene anaphunzira ntchito poyang'ana abambo ake amaimva ndi khutu.

Kuti munthu amvetse chimene magalimotowa anapangidwira, ayenera kuona dalaivala wa chipatala atafika pa dambo mwezi wa January. Sathamangira. Amaima patali ndi matope, n'kutsika, n'kuvula nsapato, n'kupinda buluku mpaka m'maondo. Amathyola ndodo, n'kuyamba kuyenda m'madzimo akugwaza pansi, kufufuza pamene pali polimba ndi pamene lole inakumba. Anyamata a m'mudzi amakhala afika kale, makasu ali paphewa.

"Madala, kumanjaku musayese, dzulo lole ya fetereza yagona pomwepo."

"Nanga kumanzereku, achimwene?"

"Kumeneko kuli miyala pansi. Mukangotsata bangolo, mwatuluka."

Dalaivala amabwerera, n'kugwada pa tayala lakutsogolo. Pakati pa tayalalo pali kachitsulo kozungulira, ndipo amakapotoza ndi zala kuchoka pa FREE kupita pa LOCK, kenaka amazungulira kukachita chimodzimodzi mbali inayo. Akakhala pampando amakoka kagiya kaja mpaka pa L4. Tsopano injini ikulira kwambiri koma galimoto ikuyenda ngati munthu wapansi, mphamvu yonse yapita kumatayala. Amalowa ndi giya yachiwiri, phazi lili phee pa mafuta, osawonjezera, osachepetsa, osakhudza kilachi. Kumbuyo kumatsetsereka, chiwongolero chimapepuka m'manja, matope amawaza mpaka padenga. Namwino amene wakhala kutsogolo wakumbatira bokosi la katemera pamiyendo ndi manja awiri. Ikatulukira tsidya, anyamata aja amaimba mluzu, ndipo dalaivala amatulutsa kangachepe ka sopo, podziwa kuti madzulo adutsanso pomwepo.

Pali nzeru zambiri m'kachitidwe kameneka. Galimoto wamba ili ndi difu, chida chimene chimalola tayala la kunja kuzungulira mofulumira kuposa la m'kati pokhota. Pa phula ndi chida chabwino, koma m'matope chimapereka mphamvu ku tayala limene likuterereka, linzake lili chiimire, ndipo galimoto imangodzikumbira dzenje. Ya 4x4 imagawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ina ili ndi loko ya difu yokakamiza matayala awiri kuzungulira pamodzi. Koma chida chilichonse chimafuna wodziwa dothi. Katondo wofiira wa ku Lilongwe ndi Kasungu akanyowa amaterera pamwamba, pansi ali wolimba. Makande akuda a m'madambo ndi a ku Chigwa cha Shire amamata matayala mpaka mano ake osaonekanso, ndipo amameza galimoto mpaka pamimba. Mchenga wa kunyanja umafuna kuphwetsa matayala pang'ono kuti atambalale. Zimenezi sizilembedwa m'buku la galimoto. Walira mvula walira matope, ndipo madalaivala a m'maboma amaphunzira matopewo chaka ndi chaka, ambiri pa malipiro ochepa, popanda wowatchula pamene lipoti la katemera likuwerengedwa mu hotela ku City Centre.

Ngakhale galimoto yotere ili ndi malire ake. Namondwe Freddy atakokolola milatho ya kummwera mu March 2023, madera ena, monga Makhanga ku Nsanje, ankafikika ndi bwato kapena helikopita basi.

Palinso chisangalalo chenicheni, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Amene anakwerapo msewu wa Golodi kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia amachidziwa. Ndi makilomita pafupifupi 15 a miyala ndi dothi, makona 20 okhota ngati chigongono, ena ofuna kubwerera m'mbuyo kaye kuti galimoto yaitali ikwane, phompho lili pambali, nyanja ikutambasuka pansi pa kona iliyonse. Amishoni a Dr Robert Laws, amene anakhazikika pa Khondowe mu 1894, ndiwo anausema paphiripo. Kapena msewu wa ku Nyika, kudzera ku Rumphi ndi pa geti la Thazima mpaka ku Chelinda, kumene mapiri a udzu amapitirira mamita 2,000 kutalika, mbidzi ndi ntchefu zikudya poyera, chisanu cha mu June chikuyeretsa udzu m'mawa. Pafupi ndi Lilongwe pali nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, ndi nkhalango ya Ntchisi. Dziko lino ndi lokongola kwambiri kumene phula silinafike, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amene amapita kukaliona kawirikawiri ndi alendo, pamene eni dziko okhala ndi magalimoto oyenera amathera Loweruka m'mashopu.

Kusintha kuchoka pa chida cha ntchito kufika pa chizindikiro cha udindo kunachitika pang'onopang'ono. Range Rover ya mu 1970 inaonetsa kuti galimoto ingathe kukwera phiri m'mawa, madzulo n'kukaima pakhomo la hotela. Mitsubishi Pajero inatuluka mu 1982 ndipo inapambana mpikisano wa m'chipululu wa Dakar ka 12. Prado inabwera mu 1990, ya mipando yofewa ndi mpweya wozizira. Kenaka makampani anazindikira kuti ogula ambiri akufuna maonekedwe ndi utali chabe, ndipo anayamba kupanga magalimoto ooneka ngati a m'tchire koma okoka ndi matayala awiri, opanda chasisi yolimba ija. Bungwe la International Energy Agency linapeza kuti mu 2023, magalimoto 48 mwa 100 alionse atsopano ogulidwa padziko lonse anali a mtundu wautaliwu, wotchedwa SUV. Defender yakale, mdzukulu weniweni wa galimoto ya Wilks, inasiya kupangidwa ku Solihull mu January 2016, ndipo imene inalowa m'malo mwake ndi galimoto ya anthu olemera.

Kuno kale nduna inkadziwika ndi Benz. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda analengeza zogulitsa ndege ya pulezidenti ndi ma Mercedes-Benz 60 a boma. Lero mdipiti wa akuluakulu ndi wa Land Cruiser ndi Prado, ndipo mwana wa sukulu amasiyanitsa TX ndi VX ndi V8 ali patali. Aphungu amaloledwa kuitanitsa galimoto popanda msonkho, ndipo ambiri amasankha yaitali, pa chifukwa chomveka chakuti madera awo ali kufumbi. Anthu ena onse amadalira zakale za ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kapena zodzera ku Durban, n'kulipira msonkho wa MRA umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto.

Ogula ali ndi mfundo zawo. Msewu wa M1 usiku uli ndi maenje, mathiraki osathima nyali zazikulu, mbuzi, ngolo zopanda chowala. Mayi woyendetsa ana ake kupita ku Mzuzu amamva kutetezeka akakhala pamwamba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anali ndi Land Cruiser pakhomo anaona mtengo wake ukukwera, pamene amene anasunga ndalama kubanki analira. Ndipo pali china chimene anthu sachitchula poyera: galimoto yaitali imatsegulitsa mageti. Mlonda wa pa ofesi safunsa zambiri, ndipo pa maliro mwini wake amapatsidwa mpando pamene ena akhala pa mphasa.

Mtengo wake sulipiridwa ndi mwini yekha. Prado ina ili ndi matanki awiri okwana malita 150, ndipo kuidzaza kamodzi kumaposa kangapo malipiro a pamwezi a mlonda amene amaitsegulira geti. Dontho lililonse la dizilo limachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi madola amene dziko limawapeza movutikira, ambiri kuchokera ku fodya wa mlimi wa ku Kasungu ndi Dowa. Mizere ya pa filing'i siteshoni ya mu 2011 ndi 2012, imene inabwereranso kuyambira 2022, inaonetsa kuti madolawo ndi ochepa. Mu November 2023 Pulezidenti Lazarus Chakwera anadula ndi theka mafuta amene nduna ndi akuluakulu a boma amalandira. Kunali kuvomereza kuti injini zikuluzikuluzi zikulemera pa thumba la dziko.

Koma chodetsa nkhawa kwambiri ndi utali womwewo. Galimoto yopangidwa kuti isamve chigwembe cha kumudzi siimvanso dzenje la mu tauni. Wokhala kumpando wakumbuyo, magalasi atatseka, foni ili kukhutu, amadutsa pamene phula linatha kalekale osadziwa kuti wadutsa pamavuto. Ndipo anthu amene amakhala kumipando imeneyo ndi omwewo amene amalemba bajeti, kusaina makontirakiti a misewu, ndi kuvomereza kuti ntchito yagwirika bwino. Machila aja ankapulumutsa bwana ku minga ndi matope, koma ankamubisiranso ululu wa njira. N'kovuta kukwiya ndi msewu umene sukukupweteka.

Sipafunika kupita kutali kuti munthu aone zimenezi. Moyandikana ndi Area 12 pali Kauma, kumene kumachokera ambiri mwa alonda, ophika, olera ana ndi osamalira maluwa a m'mipanda ija. Njira za m'kati mwa Kauma ndi za dothi, zokumbika ndi madzi, ndipo dzinja zimafanana ndi za kumudzi kwenikweni. Msewu woyenera 4x4 uli pamphuno pomwepa, koma amene amauyenda tsiku ndi tsiku amauyenda pansi, nsapato za kuntchito zili m'jumbo, kapena pa kabaza. Akatulukira pa phula amayenda m'mphepete, chifukwa misewu yambiri ya m'ma Area ilibe njira ya oyenda pansi. Galimoto yaitali ikagunda munthu imamumenya pachifuwa ndi pamutu, pamene yotsika imafikira m'miyendo, ndipo chitsulo cha kutsogolo chimene chinapangidwira nyama za m'tchire chimawonjezera ngoziyo. Dalaivala wokhala pamwamba saona mwana amene waima pafupi ndi bampala.

Kumene galimoto yotere ikufunika zedi ndiko ikusowa. Kuseri kwa zipatala zambiri za m'maboma kuli ma Land Cruiser okhazikidwa pamiyala, ena akudikira sipeya, ena atachotsedwa ziwalo kuti anzawo ayende. Chipatala chaching'ono chikaimba foni kuti mayi wapakati wataya magazi, yankho limatha kukhala lakuti ambulansi ili kwina, kapena ilibe mafuta. Kafukufuku amene anachitika ku Mangochi n'kufalitsidwa mu 2008 anapeza kuti ambulansi ya njinga yamoto, yokhala ndi bedi pambali, mtengo wake wogulira unali wotsika ka 19 poyerekeza ndi ambulansi ya galimoto, ndipo inkafupikitsa nthawi yofikitsa amayi kuchipatala chachikulu. Lero ntchito yaikulu ya m'misewu ya fumbi ikugwiridwa ndi timagalimoto timene sitinapangidwire zimenezo. Sienta ndi Probox, zimene ku Japan zimanyamula mabanja ndi timakatoni m'misewu yosalala, kuno zimakwawa m'migula ya ku Ntchisi zitadzaza anthu, matumba ali padenga, mimba ikukhula pansi. Njinga zamoto zimafika kumene ngakhale izo zalephera, wodwala ali pakati, m'bale atamugwira kumbuyo.

Dziko likanati liziyamba lagula ambulansi lisanagule galimoto ya mkulu wa mu ofesi, chiwerengero cha ma Land Cruiser sichikanasintha kwenikweni. Chikanasintha ndi kumene amagona.

Ambiri mwa magalimoto a m'ma Area amakafika kufumbi ndithu, koma atakalamba. Bungwe likagwiritsa ntchito galimoto zaka zingapo limaigulitsa pa tenda, ndipo tsiku loonetsa amabwera amalonda a soya ndi mtedza, eni mafamu, abusa a mipingo ya kumidzi, aliyense ndi makaniko wake. Makanikoyo sayang'ana penti kapena wailesi. Amayala katoni, n'kulowa pansi ndi tochi ya pafoni, kufufuza ngati chasisi inawotchereredwapo, ngati difu ikudontha, ngati masipuling'i agona. Akatuluka amaliza injini, n'kutsegula pothirira oyilo kuti aone ngati ikupuma utsi. Ikapambana mayeso amenewa, chizindikiro cha bungwe chimamatulidwa pachitseko, padenga pamaikidwa keriyala, ndipo galimoto imayamba moyo wachiwiri wonyamula mabelo a fodya, makwaya, mabokosi a maliro ndi odwala a usiku.

Amakaniko a ku Biwi ndi a m'mbali mwa msewu wa Malangalanga akuona kuti moyo wachiwiriwu ukufupika. Magalimoto atsopano ali ndi makompyuta ambiri, majekeseni a dizilo osafuna kachitsotso ngakhale kamodzi, ndi magetsi a pa dashibodi amene amangozima ndi makina a ku galaja yaikulu. Land Cruiser 300 ya mu 2021 inasiya injini ya V8 n'kutenga V6 ya matebo awiri, ndipo ngakhale 70 Series tsopano ikutuluka ndi injini ya malita 2.8 ndi giya yodzisintha yokha. Ndi yachangu, yosamwa mafuta kwambiri, ya utsi wochepa. Koma ikazima pakati pa dambo ku Mchinji, waya ndi sipanala sizikwanira. N'chifukwa chake pa tenda, Land Cruiser ya 1HZ ya zaka khumi ndi zisanu, mipando yong'ambika, imalimbiranidwa kuposa ina yonyezimira ya zaka zisanu, ndipo anyamata ophunzira umakaniko ayamba kusonkha ndalama zogulira laputopu ndi kachingwe kolumikizira kugalimoto.